KODI NDI MWANO, ULESI, KAPENA NTHENDA?

Nkhani ya za umoyo wa m'banja, monga inakambidwa pa wailesi m'Cinyanja

 Nkhani yathu ya lero iri ya m'nyumba, ndipo ikhudza amuna ndi akazi omwe.

Ankhoswe ndi akulu a mipingo adziwa bwino kuti milandu yambiri ya m'banja siyamba ndi cinthu cacikulu. Iyamba ndi tinthu tating'ono timene tibwera kawirikawiri kufikira mtima utatopa. Mkazi adandaula kuti, "Bambo a kwathu ndikawauza kanthu angobvomera ndi mutu, koma pofika madzulo anena kuti sindinawauze." Mwamuna naye adandaula kuti, "Amai a kwathu ayamba nchito zisanu m'mawa, koma dzuwa lilowa isanathe ndi imodzi yomwe, ndiwo zitapserera pa mbaula." Anthu pomva zotere aweruza msanga. Ena ati ndi mwano, ena ati ndi ulesi, ena ati cikondi catha, ndipo ena afika ponena kuti munthuyo anamdyetsa mankhwala. Nthawi zina amene anena za mwano ndi ulesi alondola, pakuti amwano ndi aulesi alipo ndithu m'dziko. Koma pali anthu ena amene afunitsitsa kucita bwino, nayesa ndi mtima wonse, nalephera caka ndi caka, cifukwa ubongo wao sugwira maganizo monga ucitira ubongo wa anzao. Za anthu amenewa ndizo tifuna kukamba, kuti mudziwe kuwasiyanitsa ndi aulesi ndi amwano aja.

DZINA LACE NDI MBIRI YACE

Madotolo alicha bvuto limeneli m'Cingerezi attention deficit hyperactivity disorder, ndipo polifupikitsa angoti ADHD. Tanthauzo lace ndi kulephera kusunga maganizo pa cinthu cimodzi, pamodzi ndi kutakataka kwa thupi ndi kucita zinthu mopupuluma. Ife pano tizingoti nthenda ya kusakhazikika maganizo. Si misala ai, ndipo si kupanda nzeru; ambiri okhala nayo ali anthu ocenjera ndi amaluso.

Ena ayesa kuti nthendayi yabwera ndi mafoni ndi makanema a masiku ano, koma mabuku a madotolo asonyeza kuti iri yakale. M'caka ca 1798 dotolo wa ku Scotland, Alexander Crichton, analemba za anthu osakhoza kusunga maganizo ao pa cinthu cimodzi, nanena kuti ena abadwa otero ndipo cioneka akali ana. M'caka ca 1902 dotolo wa ana wa ku London, George Still, anafotokozera madotolo anzace za ana anzeru zao bwinobwino amene sanali kukhoza kudziletsa, cinkana ena a iwo analeredwa m'mabanja a mwambo wabwino. M'caka ca 1937, ku Rhode Island m'dziko la America, dotolo Charles Bradley anapatsa ana 30 obvuta makhalidwe mankhwala ochedwa Benzedrine, nadabwa kuona kuti pafupifupi theka la iwo anayamba kucita bwino kwambiri m'sukulu. Dzina lakuti ADD linalowa m'buku la madotolo a maganizo a ku America mu 1980, ndipo mu 1987 linasinthidwa kukhala ADHD. Bungwe la World Health Organization nalonso liri nalo dzinali m'buku lace la maina a matenda limene linayamba kugwira nchito mu 2022.

Kwa zaka zambiri madotolo anali kuganiza kuti mwana akakula nthendayi itha yokha. Tsopano adziwa kuti ambiri akula nayo. Powerengera anthu a m'maiko osiyanasiyana, apeza kuti mwa ana 100 ali onse, pafupifupi 5 ali nayo, ndipo mwa akulu 100, awiri kapena atatu. Motero pa mgodi wa anchito 1,000 sicingakhale codabwitsa kupezapo anthu 20 kapena 30 otere, ambiri a iwo osadziwa konse kuti bvuto lao liri ndi dzina.

CIMENE CICITIKA M'MUTU

Inu a ku migodi mudziwa nchito ya kapitao. Gulu lingakhale ndi amuna amphamvu ndi zitsulo zabwino, koma pafunika wina wonena kuti tiyambe ici, ico cidikire, nthawi yatsala yakuti. Kapitao akamangocokacoka, munthu ali yense athamangira kumene kwamveka phokoso, ndipo shifiti itha nchito iri theka.

Mu ubongo wa munthu mulinso kapitao wotere. Ndiyo mbali ya kutsogolo, kuseri kwa mphumi. Mbali imeneyi isankha nchito yoyambira, isunga m'mtima mau amene munthu wangouzidwa, iwerengera nthawi, ndipo igwira dzanja ndi lilime kuti ziyambe zadikira. Mauthenga a mu ubongo ayenda mothandizidwa ndi timadzi tina, makamaka tiwiri tochedwa dopamine ndi noradrenaline. Mwa munthu wa ADHD mauthenga amenewa sayenda mwa muyezo wace, kotero kapitao uja agwira nchito modukizadukiza. M'caka ca 2007 ofufuza a ku America, atajambula ubongo wa ana mazana ambiri, anapeza kuti mwa ana a ADHD khungwa la ubongo licedwa kukhwima ndi zaka ngati zitatu, makamaka mbali ya kutsogolo yomweyo. Katswiri wina wa ku America, Russell Barkley, aphunzitsa kuti munthu wotere adziwa bwino coyenera kucita. Cimene cimkanika ndi kucicita pa nthawi yace.

Apa pali cinthu cimene cisokoneza mabanja ambiri. Mwamuna amene sakhoza kumvera mkazi wace mphindi zisanu akhoza kukhala Loweruka lonse ali kukonza injini ya galimoto, naiwala ndi kudya komwe. Ndipo tsiku limene Nkana isewera ndi Power Dynamos, diso lace silicoka pa mpira. Mkazi poona izi ati, "Mwaona, akafuna akhoza." Komatu cifukwa cace ndi ici: maganizo a munthu wotere akokedwa mwamphamvu ndi cinthu catsopano, cokondweretsa, kapena cofulumira ngati moto wobuka, ndipo safuna kumamatira pa cinthu cofunika koma cogwetsa ulesi, monga kulipira madzi kapena kulemba makalata a ku ofesi. Ndi cifukwa cace ambiri pa nthawi ya citomero anali acangu ndi osamala koposa, popeza zonse zinali zatsopano. Ukwati utakhala zaka ziwiri maganizo ayambanso kuuluka, ndipo mnzaoyo ayesa kuti cikondi cafa, pamene ciripo ndithu.

ZIZINDIKIRO ZOONEKA M'NYUMBA

Zizindikiro ziri m'magulu awiri. Gulu loyamba ndi la kumwazikana kwa maganizo. Mukamalankhula naye maso ace ali pa inu koma mtima uli kwina, ndipo mukamfunsa cimene mwanena agwira mau omalizira okha. Mukamtuma zinthu zinai ku msika abwera ndi ziwiri, ndi cina cimene simunamtume. Makiyi, foni, citupa ca ku nchito ndi ndalama zitayika sabata iri yonse. Ayamba kukonza citseko, naona njinga yaphwa, nasiya citseko. Pofuna pampu apeza wailesi yakale, nakhala pansi kuimasula. Nyumba idzala ndi nchito zoyambidwa bwino koma zosatha. Nchito yofuna kuganiza nthawi yaitali aizengereza kufikira tsiku lomaliza, naigwira usiku wonse mothamanga. Nthawi nayo saimva bwino: akati "ndibwera tsopano apa" anena zoona za mumtima mwace, koma afika patapita maora awiri, nadabwa kuti mwakwiya.

Gulu laciwiri ndi la kutakataka ndi kupupuluma. Mwana wotere akwera pa mipando ndi kuthamanga m'kalasi, koma wamkulu waphunzira kubisa. Iye angogwedeza mwendo, aseweretsa ciri conse ciri m'manja, aturuka panja kawirikawiri pa msonkhano kapena m'chalichi, ndipo akakhala cete amva ngati m'thupi muli injini yosazima. Alankhula kwambiri, adula anzace mau pakamwa, ayankha funso lisanathe. Kuima pa mzere ku banki kapena ku cipatala kumpweteka koposa anthu ena. Tsiku la malipiro agula cinthu cimene sanaciganizire m'mawa, ndipo ena asiya nchito yabwino cifukwa ca mkangano wa tsiku limodzi.

Pali cinanso cimene a m'banja aciona kawirikawiri: mtima wa pacala. Munthuyo apsa mtima msanga pa kanthu kakang'ono, ndipo posacedwa waiwala, ali kuseka, pamene mnzace akali kumva kuwawa kwa mau aja.

Sikuti munthu ali yense akhala ndi magulu onse awiri. Ena ali ndi loyamba lokha, ndipo amenewa ndiwo abvuta kuwazindikira, popeza ali ofatsa ndi osasowetsa anthu mtendere. Akazi ambiri ali m'gulu limeneli. Ali mtsikana ankakhala cete kumbuyo kwa kalasi ali kulota masana, aphunzitsi nangoti ngwamanyazi. Bvuto lionekera poyera atakwatiwa, pamene ayenera kusunga m'mutu nthawi imodzi za ana, za kuphika, za masiku a sikelo, za ndalama za sukulu ndi za malonda ace. Apongozi amucha waulesi ndi wosalangizidwa, iye nalira yekha usiku, posadziwa cifukwa cace cimene anzace acita mosabvuta cimlemera iye cotere.

MAFUNSO ANAI OYENERA KUDZIFUNSA

Tsono wina anganene kuti, "Ngati ndi tero, tonse tiri nayo, pakuti ndani sanatayepo makiyi?" Zoonadi, cizindikiro cimodzi sicitanthauza kanthu. Cimene madotolo ayang'ana ndi mkhalidwe wa moyo wonse wa munthu, ndipo inunso mungadzifunse mafunso anai awa.

Loyamba: kodi zinayamba liti? Nthendayi iyamba pa ubwana. Buku la madotolo a ku America la mu 2013 linena kuti zina mwa zizindikiro ziyenera kukhala zitaoneka munthu asanakwanitse zaka 12. Funsani mwaulemu amai ace, alongo ace kapena amalume ace za m'mene analiri ali mwana. Kawirikawiri aseka nati, "Ameneyo tikamtuma mcere ankabwera ndi nkhani."

Laciwiri: kodi zicitika kuti? Munthu wa ADHD aiwala ku nyumba, ku nchito, ku mpingo ndi kwa abwenzi. Koma ngati mwamuna asunga bwino nthawi ndi mau a anthu ena onse, naiwala za mkazi wace yekha, bvuto liri m'banja, ndipo afunika ankhoswe.

Lacitatu: kodi zizindikirozo nzingati, ndipo zakhalitsa? Buku lija liri ndi zizindikiro 9 m'gulu liri lonse. Kwa wamkulu pafunika zisanu kapena kuposa m'gulu limodzi, zocitika kawirikawiri kwa miyezi yosacepera 6; kwa mwana pafunika 6.

Lacinai: kodi zimuononga, ndipo iye mwini aluzapo? Funso ili ndilo lithandiza koposa posiyanitsa nthenda ndi mwano. Munthu wodzikonda aiwala zimene zipindulira ena, koma zace saiwala. Munthu wa ADHD aiwala zanu ndi zace zomwe: ataya foni yace yatsopano, acedwa tsiku lokafunsidwa nchito imene waifuna caka conse, adulidwa malipiro cifukwa ca kucedwa pa cipata. Ndipo mukamkumbutsa colakwa cace muona manyazi enieni pa nkhope, alonjeza ndi mtima woona, koma sabata yamawa wagwanso pomwepo.

ZINA ZIMENE ZIFANANA NAYO

Musafulumire kupatsa mnzanu dzina la nthenda, pakuti pali zinthu zina zobvala nkhope yomweyo. Munthu amene wagwira zaka zambiri pafupi ndi makina obowolera miyala angakhale atayamba kugontha pang'onopang'ono osadziwa. Mkazi ayesa kuti samvera, pamene iye sakumva. Wotere apimitse makutu. Wogwira shifiti ya usiku, amene masana agona maora atatu okha cifukwa ca kutentha ndi phokoso la m'komboni, aiwala ndi kupsa mtima monga wa ADHD, koma akagona mokwanira pa chuthi abwerera mwakale. Mowa, kacasu ndi camba zionongeratu cikumbumtima ca zinthu za dzulo. Cisoni cacikulu cosatha, nkhawa ya ngongole, kucepa kwa magazi, matenda a cithokomiro ndi mitundu ina ya khunyu, zonsezi zimwaza maganizo.

Cenjezo lalikulu ndi ili: ngati munthu anali wosamala moyo wace wonse, nayamba kuiwala ndi kusokonezeka ali wamkulu, makamaka atabvulala m'mutu kapena atadwala kwambiri, imeneyo si ADHD. Mperekezeni ku cipatala msanga, pakuti ingakhale nthenda ina ya mu ubongo yosafuna kucedwa.

ICOKERA KUTI?

Nthendayi iyenda kwambiri m'magazi a banja. Pofufuza mapasa m'maiko ambiri, madotolo apeza kuti mwa magawo 10 a cimene cisiyanitsa anthu pa bvutoli, magawo 7 kapena 8 ali a cibadwa. Ndi cifukwa cace kawirikawiri kholo lidzizindikira lokha pamene mwana wace apimidwa: dotolo ali kufunsa za mwana, mai nayang'ana mwamuna wace. Kubadwa masiku asanakwane, kapena kubadwa wocepa thupi kwambiri, kuonjezera mwai wa kuikhala nayo. Mtovu nao uononga ubongo wa ana, ndipo ana okhala ndi mtovu wambiri m'magazi abvutika kawirikawiri kusunga maganizo. Nkhani iyi ikhudza anthu a ku Kabwe, kumene mgodi wa mtovu ndi zinki unagwira nchito zaka pafupifupi 90 kufikira unatsekedwa mu 1994, ndipo ana ambiri a m'makomboni a Kasanda, Makululu ndi Chowa anapezeka ndi mtovu woculuka m'magazi. Makolo a kumeneko acita bwino kupimitsa magazi a ana ao.

Si ufiti, si cilango, ndipo si kuti makolo analera moipa, cinkana nyumba ya ndeu ndi cipwirikiti ikulitsa bvuto limene liripo kale.

CIFUKWA CACE TIYENERA KUSAMALA

Nkhani iyi si ya makiyi okha. M'caka ca 2015 magazini ya madotolo ya The Lancet inafalitsa kafukufuku wa ku Denmark wa anthu pafupifupi 2 miliyoni. Anapeza kuti anthu a ADHD anali kufa msanga kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi anzao, makamaka cifukwa ca ngozi. Oferatu anali ocepa ndithu, koma phunziro lace liri loonekeratu kwa munthu wogwira nchito pansi pa mgodi, woyendetsa minibasi kapena wokhala pafupi ndi makina, kumene kamphindi kamodzi ka kuuluka kwa maganizo kangadule dzanja. Anthu otere agwanso mosabvuta m'mowa, m'njuga ndi m'ngongole za kaloba, popeza cokoma ca lero ciwakoka koposa cowawa ca mawa.

M'nyumba namo muli ngozi yace. Pang'onopang'ono mmodzi asanduka kholo, wina nasanduka mwana. Uyu akumbutsa, alondalonda, akalipa, natopa ndi kusenza yekha katundu wa anthu awiri. Uyo amva kunyozedwa tsiku ndi tsiku, nayamba kubisa zolakwa zace, kapena kucedwa dala ku mowa kuti asamve mau. Onse awiri abvutika, ndipo ali yense ayesa kuti mnzace ndiye woipa. Ana akulira pakati pa mkangano umenewu.

MUNGACITE CIANI?

Coyamba ndi kulankhulana, koma sankhani nthawi. Musayambe nkhani imeneyi pakati pa ndeu, kapena pamaso pa ana ndi alendo, ndipo musacite dzina la nthendayi cipongwe. Dikirani tsiku la mtendere, mutadya, ndipo yambani ndi cimene cimpweteka iye. Mai anganene kuti, "Bambo, ndaona kuti kuiwala kumeneku kukusautsani inu nomwe, ndipo ndidziwa kuti muyesetsa. Ndamva kuti pali bvuto lina limene madotolo alidziwa. Bwanji tipite tonse tikafunse?" Akakana tsiku loyamba musamkakamize, munthu amene wachedwa waulesi kuyambira ali mwana sakhulupirira msanga kuti nthawi ino simuli kumuweruza. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Caciwiri, kumbukirani kuti inu ndinu mboni, woweruza ndi dotolo. Palibe kupima magazi kapena kujambula kumene kuonetsa ADHD. Dotolo afunsa mbiri ya munthu kuyambira ubwana, apima matenda ena aja, ndipo nthawi zina agwiritsa nchito pepala la mafunso 18 limene linakonzedwa ndi World Health Organization pamodzi ndi akatswiri a ku America. Umboni wanu uthandiza kwambiri, popeza inu muona zimene mwini wace saziona. Yambirani ku kiliniki ya kwanu kapena ya pa mgodi, mupemphe kutumizidwa kwa oona za maganizo. Ku Lusaka kuli cipatala ca Chainama Hills, cimene cinatsegulidwa mu 1962, ndipo ku Ndola Teaching Hospital kulinso cigawo ca matenda a maganizo. Kupita kumeneko sikutanthauza kuti munthu wapenga. Lamulo la Zambia la za umoyo wa maganizo la mu 2019 liteteza ulemu ndi ufulu wa onse ofuna cithandizo cotere.

Mankhwala alipo, cinkana sapezeka m'cipatala ciri conse. Odziwika koposa ndi methylphenidate, amene ambiri awadziwa ndi dzina lakuti Ritalin, ndipo anapangidwa koyamba ku Switzerland mu 1944. Enanso ndi atomoxetine. Sacotsa nthendayi, koma athandiza ambiri kugwira maganizo pa nthawi imene ali kumwa. Kafukufuku wa ku Sweden wa mu 2014 anapeza kuti amuna a ADHD anali kucita ngozi zazikulu za pa mseu zocepa m'miyezi imene anali pa mankhwala. Komabe mankhwalawa angacepetse cilakolako ca cakudya, kusowetsa tulo ndi kukweza kuthamanga kwa magazi, motero aperekedwa ndi dotolo yekha atapima mtima. Musagule kwa munthu wamba, ndipo musamwe a mnzanu.

Cacitatu mungaciyambe lero lomwe popanda kulipira kanthu. Popeza kapitao wa m'mutu acokacoka, muikeni kapitao wina kunja kwa mutu. Khomani msomali pafupi ndi citseko, pakhale pa makiyi ndi citupa masiku onse. Jombo, cisoti ndi kamba wa ku nchito zikonzedwe madzulo. Mau ofunika anenedwe maso ndi maso, wailesi itazimidwa, cinthu cimodzi pa nthawi imodzi, ndipo womvayo abwereze. Zogula zilembedwe pa pepala. Masiku a sikelo ndi a misonkhano alembedwe pa kalendala wa pa khoma. Belu la m'foni lichedwe kukumbutsa nthawi yonyamukira. Tsiku la malipiro, lendi ndi ndalama za sukulu zilipiridwe tsiku lomwelo, ndipo mugwirizane mwaufulu za amene adzasunga zotsala. Gawanani nchito monga mwa mphatso zanu: amene aiwala masiku olipira angakhale katswiri pokonza denga, pocereza alendo kapena pogulitsa malonda. Tulo tokwanira, masewera olimbitsa thupi ndi kucepetsa mowa zithandizanso. Mutu umodzi susenza denga.

MAU OTSIRIZA

Tisanatseke, tinenetse cinthu cimodzi. Kudziwa dzina la bvuto sikumasula munthu ku udindo wace. Wosaona bwino sitimdzudzula cifukwa ca maso ace, koma timyembekeza kubvala magalasi asanakwere njinga. Momwemonso wa ADHD ayenera kubvomera cithandizo, kugwiritsa nchito pepala ndi belu zija, ndi kupepesa pamene walakwa. Ndipo kumenya mkazi, kutukwana, cigololo ndi kumana ana cakudya siziri zizindikiro za nthendayi konse. Wocitiridwa zotere apite kwa ankhoswe, ndipo pakakhala nkhanza, ku polisi.

Koma ngati mwayankha mafunso anai aja, nimuona kuti mnzanu wakhala wotere kuyambira ubwana, ali wotere kuli konse, ndipo iye mwini aluza ndi kucita manyazi, mwina mlandu umene mwakhala muli kuzenga zaka zonsezi ufunika dotolo koposa bwalo. Inunso ankhoswe, akulu a mipingo ndi akapitao, pamene akubweretserani munthu wochedwa waulesi ndi wosamva, yambani mwafunsa za ubwana wace musanagamule.